Mpira Upita Bwanji kwa Apongozi

Lolemba

Loweruka tikusewera ndi Mavu a ku Marapodi, pabwalo pathu kuseri kwa holo. Gemu yomaliza ya ligi. Tikapambana talowa m'mapuleyofu, ndime ya matimu anayi olimbirana chikho. Tikaluza timu yatha. Si mawu anga awa, ndi a Ba Sakala, eni ake a timu, aja oumba mabuloko m'mbali mwa msewu. Andiitana m'mawa ku yadi kwawo, ngakhale mpando osandipatsa. Ati, "Ba Kochi, mukaluza pa Satade majezi nizapasa bafana. Nalema kulipila banthu bamene bapumula kuchila kusewela."

Timu ya mpira wa basiketi imeneyi tinaiyamba ndife awiri, ine ndi Ba Mulenga, tili anyamata. Ring'i yoyamba tinawotcheretsa ndi chitsulo cha bedi. Dzina tinaipatsa loti Mphezi za Mtendere, potengera komboni yathu ya Mtendere. Lero anthu a m'komboni amatiitana Mapenshoni, ndipo akatero timacheuka.

Zofooka zathu, ndilembe mosabisa poti buku ndi langa:

Mawondo. Onse.
Ba Zulu, bipi. Popita amathamanga, pobwera amayenda.
Ba Tembo, maso. Magalasi amamanga ndi mphira ya chubu. Ring'i amaiona, nthawi zina amaziona ziwiri.
Ba Mulenga, kaputeni wathu, wamtali kuposa aliyense mu ligi. Amalumphabe, koma pansi pa nsapato pangadutse nyuzipepala yokha.
Benchi. Mmodzi amabwerera maheu a pa hafutaimu.
Ukwati.

Ukwatiwo ndiwo watipha. Tili ndi munthu mmodzi yekha wothamanga, Yotamu, mwana wakwathu ku Katete. Ligi itayamba iye ndi Ba Mulenga ankamvana zedi. Yotamu amabera mpira, amathamanga, amakuwa kuti "Mule!", Ba Mulenga amalandira pansi pa ring'i n'kungoika. Matimu ankatiopa. Ndiye pakati pa ligi Yotamu wakwatira Mwila, mwana woyamba wa Ba Mulenga. Tonse tinavina pa ukwatiwo, ine ndinavina kuposa onse, mutu wanga sunaganize kutali.

Chichokere tsikulo Yotamu sawayang'ana Ba Mulenga kumaso. Sawatchula dzina. Sawakhudza. Jezi amakavalira kuseri kwa chimbudzi kuti apongozi asamuone chifuwa. Mpira woti aponye mwamphamvu amapita nawo pafupi n'kupereka ndi manja awiri, anyamata a timu ina atafika kale.

Cholinga cha sabata ino ndi chimodzi: pofika Loweruka, Yotamu awakuwire apongozi ake. Sizovuta. Masiku alipo.

Lachiwiri

Ndamuitanira Yotamu pambali tisanayambe. Ndamufotokozera bwinobwino kuti mkati mwa mzere mulibe apongozi, muli nambala fifitini basi. Ngati dzina likumulemera, aitane nambala. Wavomera chilichonse, maso ali pa nsapato zanga.

Tayesa. Wathamanga bwino, wadutsa Ba Zulu, wadutsa Ba Tembo, wafika pakati, n'kuima. Kenako kamawu kakang'ono, koyang'ana pansi: "Ba Fifitini." Ndamva ndine ndekha chifukwa ndinali pambali pake. Mpira wapita kwa Ba Mulenga pang'onopang'ono ngati mbale ya ndiwo yopita kwa mlendo.

Tayesa china. Ba Mulenga aime chilili kutchinga mdani, Yotamu adutse mowakhudza phewa kuti womulondola agundike. Ndi sewero lathu lakale, tadyera matimu ambiri. Yotamu wawazungulira patali mpaka watuluka m'bwalo, pang'ono kuponda beseni la mayi wa vitumbuwa.

Ndapita kwa mwini wake, Ba Mulenga. Ndawapempha kuti iwo ndiwo ayambe, amulankhule mnyamatayo, amuuze ndi pakamwa pawo kuti amasuke. Ati, "Ine nilibe naye mulandu, ni mwana wabwino. Koma pa banthu sitikambisana, ndiye mwambo." Akunena izi chifuwa chili patsogolo. Ndaona ine, munthuyu zikumukomera. Zaka zonsezi ana ake amamuyankha ali pa foni, lero wapeza womugwadira.

Ndawauza kuti vuto la anthu odya anyani ndi limeneli, mwambo mpaka pa simenti. Ati wodya mbewa asawaphunzitse ulemu. Ife akum'mawa ndi Abemba ndi chimbuya, timatukwanana mwaufulu, ndiye zathera m'kuseka. Koma ine sindimaseka kwenikweni.

Ba Zulu akhala pansi kawiri. Ati si bipi, akungoganiza.

Lachitatu

Akazi anga, Amake Dalitso, andiona ndikusiya tiyi m'kapu, afunsa chavuta. Ndawafotokozera. Aseka kaye mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, kenako ati Abemba ali nawo mwambo wothetsa zimenezi, dzina lake kwingisha. A kuchikazi amaphika, amamuitana mkamwini, amamulowetsa m'nyumba ya apongozi mpaka kuchipinda. Kuyambira pamenepo amadya nawo, amacheza nawo, amawayang'ana kumaso.

Mankhwala alipo, ine ndikuvutika ndi manambala!

Ndavala shati yoyera, ulendo ku msika. Bana Mwila, akazi a Ba Mulenga, amagulitsa kapenta ndi chikanda, chakudya chija cha mizu ndi nsinjiro, mzere wa kumapeto. Ndagula chikanda kaye kuti nkhani ilowe bwino. Ndayamba ndi moni wautali, ndafunsa za ana, za kumudzi ku Mufulira, za mwendo wawo. Ndiye ndafika pa mfundo: kodi sizingatheke kumuchita Yotamu kwingisha Lachisanu lino?

Anditchera khutu mpaka kumaliza. Kenako aitana anzawo a mabenchi oyandikana kuti abwere adzamve okha zimene wanena mbuya wawo. Ndabwereza pamaso pa azimayi onse. Wina wagwetsa mbale yoyezera.

Zofunika pa kwingisha, monga andiuzira:

Azakhali a Mwila achoke ku Mufulira. Pano ali ndi maliro.
Nkhuku zakumudzi, osati za m'firiji.
Ana. Awiri, kapena atatu. Ukwati uyambe waoneka kuti wakhazikika.
Mkamwini aonetse khalidwe, anthu achitire umboni.

Ndafunsa ngati kulibe kwingisha kwakung'ono, kongogwira Loweruka masana, Lamlungu n'kubwerera mwakale. Ati, "Imwe ba mbeba, muganiza ni talaktaimu ya mu foni? Mwana wanga akwatiwa mailo chabe. Bwelani pakapita myaka." Andiwonjezera kachidutswa ka chikanda ka ulere, ati ndidye ndipeze nzeru.

Madzulo nkhani yafika kale pabwalo. Ba Mulenga sandilankhula, ati ndawachititsa manyazi ku msika. Yotamu lero wawonjeza ulemu, akuwazungulira patali kuposa dzulo.

Chikanda chinali chabwino.

Lachinayi

Njira ina. Ngati awiriwa sangakhale m'bwalo limodzi, mmodzi akhale pa benchi. Yotamu sangakhale, ndiye miyendo ya timu yonse. Kwatsala Ba Mulenga.

Usiku sindinagone bwino poganiza kuti ndiwauza bwanji. Munthu amene tinanyamula naye ring'i ija pamutu kuchokera kwa owotcherera. Ndawauza kuti ndikuwasunga, tidzawafuna amphamvu m'mapuleyofu. Andiyang'ana nthawi yaitali, avula chomangira bondo, akhala pa benchi. Zandiwawa.

Koma taonani Yotamu! Akuuluka. Akukuwira Ba Zulu, akukalipira Ba Tembo, akugoletsa kumanja ndi kumanzere. Mtima wanga wayamba kukhala pansi. Ndiye mpira wapita mbali ya benchi. Wachepetsa liwiro, wawerama, wadutsa pamaso pa apongozi ngati akudutsa kutsogolo kwa tchalitchi mapemphero ali mkati. Wabwereranso, chimodzimodzi. Mbali yonse ya kumanzere kwa bwalo yatsekeka.

Ndasuntha benchi, ndaika kuseri kwa ring'i. Tsopano sakufika pa ring'i.

Popuma sakhala pa benchi poti pali apongozi, akhala pansi padzuwa. Kenako wabwera kwa ine monong'ona. Ati, "Ba Kochi, siningakwanise kusewela bamene banipasa mukazi bali nkhale. Bangene beve, ine nizankhala."

Ndili m'njira yobwerera foni yalira. Mwila. Ndinamunyamula ali khanda mwana ameneyu, lero akundiuza zochita. Wayamba ndi ulemu wonse, Ba Ankolo mwachoma bwanji, kunyumba kuli bwanji. Kenako ati amva kuti bambo ake achotsedwa mu timu chifukwa cha mwamuna wake, amayi ake amva, azakhali a ku Mufulira amva ali pa maliro pomwepo. Ati ngati ndikufuna ukwati wake uthe ndinene poyera.

Ba Mulenga abwerera m'bwalo mawa.

Ba Zulu adzipweteka msana potola botolo la madzi. Ati pofika Loweruka ukhala utawongoka.

Lachisanu

Nzeru yandipeza m'minibasi, pa Mtendere pomwe tisananyamuke. Kondakitala akulandira ndalama za kumbuyo, munthu aliyense akupatsira mnzake wa kutsogolo. Ndakumbuka kuti pa ukwati uja Yotamu sanalankhulepo ndi Ba Mulenga mwachindunji. Mawu onse ankadzera kwa shibukombe, mkhalapakati wa ukwati. Ndipo shibukombe wake anali ndani? Ba Tembo athu omwewa a magalasi!

Ndatsika basi isanadzaze. Kondakitala wanditukwana, ndamukhululukira.

Sewero latsopano: Yotamu aponyere Ba Tembo, Ba Tembo aponyere Ba Mulenga. Mwambo sukuphwanyidwa paliponse. Yotamu wamwetulira koyamba sabata ino. Kwa Ba Tembo akuponya mwamphamvu, akuwakuwira, poti shibukombe ndi munthu womuuza zonse. Ba Mulenga nawo avomera, ati iyi ndiye njira ya anthu.

Vuto laling'ono: Ba Tembo udindowu autenga ndi mtima wonse. Akalandira mpira saponya msanga. Amayamba ayang'ana Yotamu, n'kugwedeza mutu kuti uthenga wamveka, n'kutembenuka mwaulemu kwa Ba Mulenga. Ndawauza kuti apa sitikukambirana malowolo, nthawi ikuyenda. Ati zinthu za banja sizifuna phuma.

Komabe zikuyenda. Kagoli, kagoli, kenanso. Ba Zulu aombera m'manja ali chigonere pa katoni. Ine ndayamba kale kuganiza za timu imene tingakumane nayo m'mapuleyofu. Tikadutsa mawa tili ndi mwayi, chifukwa matimu enawo ndi ana, amathamanga kwambiri koma mutu ulibe. Ife mutu tili nawo, chotinyamulira mutuwo ndicho chikuvuta.

Chakumapeto Yotamu waponya umodzi wamoto. Ba Tembo anali akugwedezabe mutu wa mpira wapitawo. Phwa! pamphuno. Magalasi pawiri.

Tawalumikiza ndi guluu ndi ulusi wa thumba la ufa. Diso limodzi lagalasi lang'aluka pakati. Ati akuona bwino, kungoti Ba Mulenga akuoneka awiri, wina wamtali wina wamfupi. Ndawauza aziponyera wamtaliyo.

Potuluka ndawagwira dzanja Ba Mulenga pa geti. Ndasiya chimbuya, ndalankhula ngati mnzawo. Ndawauza kuti mawa ikhoza kukhala gemu yathu yomaliza, ine ndi iwo. Ndawapempha kuti zikafika pothina, kamodzi kokha, amulankhule mwanayo. Angondifinya dzanja n'kumapita.

Loweruka

Anthu adzaza mpaka pa mpanda. Ba Sakala akhala kutsogolo pa mpando wapulasitiki, kumbuyo kwawo anyamata aja akufuna majezi athu, akutiyeza ndi maso. Bana Mwila abwera ndi azimayi a ku msika mzere wonse. Amake Dalitso abwera ndi mankhwala opaka. Wosunga nthawi ali ndi foni ndi limu ya galimoto, nthawi ikatha amaimenya ndi sipanala.

Chiyambi chabwino, modabwitsa. Ana a ku Marapodi akuopa kugunda madala. Wina wawagunda Ba Zulu n'kupepesa, n'kuwadzutsa, Yotamu wagoletsa iwo akupepesana. Kochi wawo akung'amba kukhosi: "Si batate banu abo! Bakankheni!"

Yotamu, Ba Tembo, Ba Mulenga. Yotamu, Ba Tembo, Ba Mulenga. Kawiri Ba Tembo aponyera wamfupi uja, mpira wakagwera mwa azimayi. Koma pa hafutaimu tili patsogolo. Sindikukhulupirira. Wa maheu uja wamwa makapu awiri, sindinamuletse.

Chigawo chachiwiri ana aja asiya ulemu. Akuthamanga. Ife tikuwaonerera akudutsa. Ba Zulu apempha kutuluka, ati msana. Ndalowetsa wa maheu, akuthamanga atagwira pamimba. Mavu atipeza, atidutsa, Yotamu watibweza yekha, atidutsanso.

Kenako guluu wagonja. Magalasi agwa, mwana wa ku Marapodi wawaponda. Ba Tembo aponyera mpira refa, mwaulemu wonse. Ndawatulutsa. Shibukombe palibe.

Tatsalira ndi poyinti imodzi. Wa sipanala waimirira kale, dzanja m'mwamba, maso pa foni. Mpira uli ndi Mavu, akungoupatsana kuti nthawi ithe. Ndiye Yotamu wadumphira pakati, wautsomphola, uyo! Bwalo lonse lakuwa. Kutsogolo kwake kulibe mdani ngakhale mmodzi. Kuli ring'i, ndi Ba Mulenga, amene sanabwerere kukatchinga poti mpweya unawathera. Aima pansi pa ring'i penipeni, manja m'chiuno.

Ndikuona Yotamu akuchepetsa liwiro. Kuti agoletse ayenera kulumpha pamaso pa apongozi. Ba Mulenga andiyang'ana ine. Kenako atembenukira kwa mkamwini wawo, amuyang'ana m'maso, pamaso pa Mtendere yonse, n'kukuwa ndi mawu onse:

"Yotamu mwana wanga, ponya!"

Chikwatire mnyamatayo, aka n'koyamba apongozi kumutchula dzina. Waima. Wagwada, bondo limodzi pa simenti, mpira m'manja awiri, mutu pansi, n'kuvomera mwaulemu wa Chibemba.

"Mukwai?"

Ngwee! Sipanala pa limu.

Ana a ku Marapodi sakudziwa ngati asangalale. Ba Mulenga atenga mpira m'manja mwa Yotamu, auika mu ring'i pang'onopang'ono, ngakhale refa wayamba kale kuvula wezulo. Ndiye kuchokera ku mpanda nthungululu. Bana Mwila. Azimayi a ku msika alandira onse, alowa m'bwalo akuvina, wina wamuyalira Yotamu chitenje. Ife taluza, iwo akuvina.

Ba Sakala adutsa pafupi nane atanyamula mpando wawo. Ati majezi achapidwe kaye.

Ba Mulenga ndinawapempha ndine kuti amulankhule mwanayo.

Lamlungu

Majezi ali pa chingwe, Amake Dalitso achapa m'mawa tisanapite ku tchalitchi. Nambala fifitini ndi yaitali, ikukhudza pansi, aipinda pawiri. Mawa ndikapereka ku yadi.

Mawondo akuwawa ngakhale sindinasewere.

Pobwera ku tchalitchi ndadutsira ku holo. Anyamata a Ba Sakala ayamba kale. Akuitanana mayina, akutukwanana, akugundana mapewa. Palibe wokwatira ngakhale mmodzi. Ring'i ya kumadzulo ndi yathu ija ya chitsulo cha bedi, wina akulendewera pamenepo. Ndinafuna kumukalipira, ndakumbuka kuti si yanganso. Ndaima pang'ono pa mpanda, kenako ndabwera kunyumba. Zikundiwawa, ndisaname.

Yotamu watumiza uthenga wopepesa, wautali. Ati miyendo inagwada yokha. Ndamuyankha kuti ndamva.

Masana kwabwera Ba Mulenga ndi Bana Mwila, atavala za ku tchalitchi. Ba Mulenga akhala pa sitepe poti bondo silikulola mpando wotsika. Sitinakambe za gemu. Angofunsa ngati mpira uja anaika pomaliza sangawerengedwe penapake, ndawauza kuti ayi.

Bana Mwila ndiwo abwera ndi nkhani. Ati aimbira azakhali ku Mufulira, awafotokozera zonse za dzulo, azakhali alira pa foni. Ati mkamwini wotere sanamuonepo, khalidwe lake laonekera pa gulu, mboni ndi komboni yonse. Za ana adikira pambuyo. Kwingisha achita mwezi wamawa, Loweruka loyamba, tsiku lomwe mapuleyofu akuyamba. Kuchokera pamenepo Yotamu akhoza kuwakuwira apongozi ake mmene angafunire.

Ati poti nkhaniyi ndinaiyambitsa ndine ku msika, ndipo ndine mbuya wawo, andipatsa ntchito yosenza mapoto.

Ndavomera. Loweruka limenelo ndilibe kopita.